Tswaing: Chigwa cha Mchere Chimene Anachiyesa Phiri la Moto

Mawu Oyamba

Munthu wochokera ku Karonga akawoloka mtsinje wa Songwe n'kulowa m'dziko la Tanzania, amafika kumapiri a Rungwe ndi Poroto, kwawo kwa Asafwa ndi Anyakyusa, abale a Ankhonde. Mapiri akumeneko kale ankalavula moto, ndipo m'kamwa mwa ena mwa iwo munadzaza madzi. Nyanja ya Ngozi ndiyo yotchuka koposa. Woti aione amakwera kanjira kodutsa m'nkhalango yowirira ya nsungwi ndi nthochi zakuthengo, mpaka atatulukira pamlomo pa chiphompho, madzi ali phee pansi pake. Za chiyambi cha nyanja imeneyo palibe amene amakangana. Moto wa pansi pa nthaka ndiwo unaikumba, ndipo phiri la Kyejo, la m'dera lomwelo, linaphulika komaliza cha m'ma 1800.

Pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kumpoto kwa mzinda wa Pretoria pali malo ena amene maonekedwe ake amakumbutsa Ngozi, ngakhale kuti ndi aang'ono. Ndi chigwa chozungulira ngati mbale, chokutidwa ndi mitengo, chokhala ndi kanyanja pakati. Dzina lake ndi Tswaing. Kwa zaka zambiri akatswiri a za miyala ankaphunzitsa kuti nachonso ndi kamwa la phiri la moto lomwe linazima. Iwo analakwa, ndipo kulakwako kunadziwika bwino m'chaka cha 1992. M'nkhani ino titsata mbiri ya chigwachi monga momwe woyenda pansi amatsatira njira yake, kuti tione amene anapondamo, chimene ankafuna, ndi dzina limene aliyense anapatsa malowa. Mfundo yathu ndi yakuti mayina a ophunzira anasinthasintha, koma dzina limene anapereka ophika mchere silinanamepo.

Malowo ndi Njira Yake

Chigwa cha Tswaing ndi chotambalala makilomita 1.13 kuchokera mlomo wina kufika mlomo unzake. Mlomowo unatukuka mamita pafupifupi 60 pamwamba pa chidikha chozungulira, ndipo kuchokera pamlomo kutsikira kumadzi pali mamita pafupifupi 100. Wobwera pamsewu saona chodabwitsa chilichonse: amangoona kamtunda kamitengo pakati pa dziko lathyathyathya, nyumba za ku Soshanguve ndi Winterveld zili chapafupi. Chigwacho chimabisala kufikira munthu ataima pamlomo penipeni.

Njira imene alendo amatsata lero ndi yotalika makilomita 7.2. Imadutsa m'tchire la mitengo yaminga ya mtundu wa mthethe, kukwera pamlomo, kuyenda m'mbali mwake, kenaka kutsetserekera kukanyanja ndi kutulukanso. M'tchiremo muli ngoma, nswala ndi mbidzi, komanso mbalame za mitundu yoposa 200. Madzi a kanyanjako ndi osaya, akuda, ndiponso owawa mchere ndi soda. Palibe mtsinje wotulukamo. Mvula ndi akasupe a pansi zimabweretsa madzi, dzuwa limawamwa, mchere n'kutsalira. Izi zachitika kwa zaka zikwi zambirimbiri, ndipo mbiri yonse ya anthu pamalowa inayambira pamenepa.

Anthu a Mchere

Zida zamwala zimene zapezeka m'mbali mwa chigwachi zikusonyeza kuti anthu ankafikako zaka 100,000 zapitazo kapena kuposerapo. Pamene pali mchere pamabwera nyama kudzanyambita, ndipo pamene pali nyama mlenje sachedwa. Patapita nthawi yaitali kunadza alimi ndi oweta ng'ombe olankhula zinenero za Chisotho ndi Chitswana. Mapale a miphika yawo akuonetsa kuti pakati pa zaka za m'ma 1200 ndi m'ma 1800 iwo ankatunga madzi amchere ndi kukokola dothi lamchere, kusefa, ndi kuphika mpaka madzi ataphwa. M'Chitswana mchere ndi letswai, ndipo Tswaing ndiye kuti pamalo pa mchere. Kachidutswa kakumapeto ka -ng kamagwira ntchito imene m'Chichewa imagwiridwa ndi pa-, ku- kapena mu-. Tikanakhala ife tikanangoti Pamchere.

Wowerenga wa ku Malawi saona chachilendo m'ntchito imeneyi. David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire kuyambira m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja akupanga mchere mwa njira yomweyo: kupala dothi, kuliika mumphika wobowola, kuthira madzi, ndi kuphika madzi odonthawo. Elias Mandala, m'buku lake la mu 1990 lonena za mbiri ya alimi a kumunsi kwa Shire, anaonetsa kuti ntchitoyi inali m'manja mwa amayi ndipo inkawapatsa chuma chosinthanitsa ndi zinthu zina. Ngakhale lero mayi wopanga chidulo ndi phulusa amatsata nzeru yomweyo ya kusungunula ndi kusefa.

Komanso kwa Achewa mchere suthera pa kukometsa ndiwo. Mwambo wa mdulo umauika pakati pa moyo wa banja: pali nthawi zimene mayi sathira mchere mumphika, amaitana mwana kuti athire, poopa kudula a m'nyumba. Sitikunena kuti Atswana anali ndi mwambo wofanana ndi wathu. Tikungokumbutsa kuti m'madera a kutali ndi nyanja yamchere, chinthu chimenechi chinali chosowa, chamtengo ndi cholemekezeka, kotero kuti njira zopita kumene chimapezeka zinali misewu ikuluikulu ya nthawiyo. Njira yoyamba yotsikira m'chigwa cha Tswaing inapondedwa ndi anthu osenza miphika.

Kampani ndi Mipope

Zaka za m'ma 1820 ndi 1830 zinasokoneza dera lonseli. Mzilikazi ndi Amandebele ake anakhala kwa kanthawi m'dziko lozungulira mapiri a Magaliesberg, ndipo midzi yambiri ya Atswana inabalalika. Chipwirikiti chomwecho ndicho chinakankha Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu November 1835. Pambuyo pake kunafika Mabunu ndi ngolo zawo. Anakhazikitsa Pretoria m'chaka cha 1855, nagawana dziko m'mafamu. Chigwa cha mchere chinalowa m'famu imene anaitcha Zoutpan, kutanthauza chiwaya cha mchere. M'Chiafrikaans dzinali linadzakhala Soutpan, ndipo olemba m'Chingerezi ankati Pretoria Saltpan.

M'chaka cha 1912 kampani ya South African Alkali inayamba kukumba ndi kupopa madzi a m'chigwachi pofuna soda ndi mchere. Soda ameneyu ndi wofunika popanga magalasi ndi sopo komanso m'ntchito zina za m'mafakitale. Anaboola zitsime pansi pa chigwa, anayala mipope, anadula mpata m'khoma la chigwa, namanga fakitale kunja kwa mlomo. Ntchitoyi inapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1950. Woyenda m'njira ya lero amaona mabwinja a fakitaleyo ndi zotsalira za zitsime zili tong'o m'madzi.

Chaka cha 1912 chili ndi tanthauzo lina m'mbiri ya South Africa. Ndi chaka chimene kunabadwa bungwe la South African Native National Congress, lomwe linadzatchedwa African National Congress. Chaka chotsatira, mu 1913, boma linakhazikitsa lamulo la malo lomwe linasiyira anthu akuda gawo losafika 10 pa 100 alionse a dziko lawo. Choncho pamene makina anayamba kulira m'chigwa cha Tswaing, zidzukulu za ophika mchere zinali zitasanduka alendo pamalo a makolo awo. Mchere unali womwewo, koma tsopano unali ndi mwini wake wolembedwa papepala, ndipo munthu wakuda ankatsikirako ngati wantchito.

Moto wa Pansi Kapena Mwala wa Kumwamba

Azungu oyamba kulemba za chigwachi m'zaka za m'ma 1800 anachiyesa kamwa la phiri la moto. Maganizowa anakhazikika m'chaka cha 1922 pamene Percy Wagner, katswiri wa za miyala wolemekezeka kwambiri m'nthawi yake, anasindikiza kafukufuku wake wa malowa. Wagner sanali wopusa, ndipo zifukwa zake zinali zomveka. Chigwacho n'chozungulira monga makamwa a mapiri a moto. Madzi ake ali ndi soda, monga nyanja za m'dera la mapiri a moto kum'mawa kwa Africa. Kuwonjezera apo, m'makoma a chigwa anapezamo miyala imene inachokeradi ku chiphalaphala cha pansi pa nthaka. Ndiponso kumadzulo kwake kuli Pilanesberg, chotsalira cha phiri la moto lakalekale. Zonse zinkaoneka ngati zikuloza kumodzi.

M'chaka cha 1933 Herbert Rohleder analemba m'magazini ya Geological Magazine kuti mwina chigwachi chinakumbidwa ndi mwala wogwa kuchokera kumwamba. Ambiri sanamumvere. Pa nthawiyo ophunzira ochuluka ankaona maganizo otere ngati nthano. Ku Arizona, m'dziko la United States, kuli chigwa chofanana kukula ndi Tswaing. Grove Karl Gilbert atachipima m'chaka cha 1891 anagamula kuti chinaphulitsidwa ndi nthunzi ya pansi pa nthaka. Daniel Barringer anatsutsa, nataya chuma chake kwa zaka zoposa 20 akukumba kufunafuna chitsulo chimene ankakhulupirira kuti chinakwiririka pansi, koma anamwalira m'chaka cha 1929 asanachipeze. Mlanduwo unatha m'chaka cha 1960 pamene Eugene Shoemaker ndi Edward Chao anapeza m'chigwacho mwala wotchedwa coesite, umene umapangika pokhapokha mwala wa quartz ukapanikizidwa ndi mphamvu yoposa imene phiri la moto lingatulutse pamwamba pa dziko.

Ku Tswaing yankho linachedwa chifukwa umboni unali utakwiririka pansi pa matope. M'zaka za 1988 ndi 1989 akatswiri anaboola chitsime chakuya mamita pafupifupi 200 pakati pa chigwa, natulutsa dothi ndi miyala motsatana monga momwe zinayalidwira. Mamita 90 apamwamba anali matope a m'nyanja. Pansi pake panali miyala yoswekasweka yosakanikirana ndi tizidutswa ta mwala wosungunuka ngati galasi, ndipo pansi penipeni panali granite wong'ambikang'ambika. Njira ya chiphalaphala, imene ikanayenera kupezeka pansi pa phiri la moto, panalibe. Timiyala ta quartz titaikidwa pa makina oonera zinthu zazing'ono tinaonetsa mizere yopyapyala imene imabwera ndi kugunda kwadzidzidzi kwa mphamvu yoopsa. M'chaka cha 1992 Wolf Uwe Reimold, Christian Koeberl, Tim Partridge ndi mnzawo anasindikiza zotsatirazi m'magazini ya Geology, ndipo mkangano unatha.

Zimene zikudziwika tsopano ndi izi. Zaka pafupifupi 220,000 zapitazo mwala wa mamita 30 mpaka 50 kukula kwake unagwa kuchokera mumlengalenga pa liwiro la makilomita oposa 10 pa sekondi imodzi. Unaphulika pogunda, nutembenuza miyala ya pansi n'kuiunjika m'mbali, ndipo muluwo ndiwo mlomo umene alendo amayendapo. Nanga miyala ya chiphalaphala imene Wagner anaona? Inalipodi, koma ndi yakale kuposa zaka biliyoni imodzi. Inali kale m'nthaka mwalawo usanagwe, ndipo kugundako kunangoifukula. Wagner anaona zoona, koma anazilumikiza molakwa. Akuluakulu amati mawu a akulu akoma akagonera. Mawu a Rohleder anagonera zaka pafupifupi 60.

Zimene Matope Anasunga

Chitsime chija chinapereka mphatso ina imene mwina ndi yoposa yoyambayo. Popeza kanyanja ka Tswaing kalibe potulukira, chilichonse chimene mvula inakokololera m'chigwamo chinakhala momwemo, chaka pamwamba pa chaka. Partridge ndi anzake anapima matope a mamita 90 aja, ndipo m'chaka cha 1997 anasindikiza mbiri ya mvula ya zaka 200,000. Anapeza kuti nyengo za mvula yambiri ndi za chilala zinkasinthana motsata kuzungulira kwa zaka pafupifupi 23,000, komwe kumayenderana ndi kusintha kwa kapendekeke ka dziko poyang'ana dzuwa. Dzuwa la chilimwe likakhala lamphamvu kum'mwera kwa dziko, mvula ya dzinja inkachuluka.

Mbiri yotalika chotere ya nyengo ndi yosowa kum'mwera kwa Africa, ndipo imakhudza tonse amene ulimi wathu umadalira mvula ya November mpaka March. Kafukufuku wa mtundu womwewu wachitika m'nyanja ya Masoko, kamwa lenileni la phiri la moto kufupi ndi Rungwe, ndiponso pansi pa nyanja ya Malawi, pamene akatswiri anaboola m'chaka cha 2005. Apa Tswaing ndi nyanja za ku Rungwe zikukumananso. Chinazikumba n'chosiyana, koma ntchito imene zagwira n'chimodzimodzi: kusunga m'matope mbiri imene palibe munthu analemba.

Dzina Libwerera

Fakitale itatsekedwa, malowa anakhala famu ya boma yoyeserera ulimi wa ziweto kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Kunja kwa mpanda wake dziko linkasintha mofulumira. Boma la tsankho linkasamutsa anthu akuda kuwachotsa pafupi ndi Pretoria. Winterveld inadzaza ndi mabanja osowa kolowera, ndipo inaikidwa m'dziko la Bophuthatswana, limene linapatsidwa ufulu wachiphamaso m'chaka cha 1977. Soshanguve inakhazikitsidwa m'chaka cha 1974, ndipo dzina lake linalukidwa ndi maphatikizo oyamba a mayina a mitundu: Sotho, Shangaan, Nguni ndi Venda. Ndi dzina lobadwira mu ofesi, lopangidwa ndi anthu amene ntchito yawo inali kusanja anzawo m'magulu. Ana ambiri anakulira pamtunda woyenda pansi kuchokera kuchigwachi osachionapo, popeza chinali kuseri kwa waya.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 malowa, omwe ndi mahekitala pafupifupi 2,000, anaperekedwa m'manja mwa National Cultural History Museum, ndipo pofika 1996 anali atatsegulidwa kwa anthu onse ndi dzina lakuti Tswaing. Lero ali pansi pa Ditsong Museums of South Africa, m'malire a mzinda wa Tshwane umene unakhazikitsidwa m'chaka cha 2000. M'chaka cha 1999 Reimold ndi anzake anatulutsa buku lofotokoza chilengedwe ndi mbiri ya malowa pamodzi ndi njira yoyendamo.

Kubwezera mayina si nkhani yachilendo kwa ife. Fort Johnston inakhala Mangochi, Port Herald inakhala Nsanje, Fort Manning inakhala Mchinji, ndipo Fort Jameson inakhala Chipata. Koma ku Tswaing kuli kusiyana kumodzi koyenera kukuona. Mayina a atsamunda kwathu ankafafaniza dzina la eni dziko n'kuikapo la msilikali kapena la bwanamkubwa. Pano aliyense wobwera anangonena m'chinenero chake chimene Atswana anali atanena kale. Tswaing, Zoutpan, Soutpan, Saltpan: onsewa akuti mchere. Madzi saiwala khwawa. Dzina lokhalo limene linagwa ndi lija la ophunzira, lakuti kamwa la phiri la moto.

Mathero

Sitikunena izi ponyoza sayansi. Ophika mchere sakanatha kudziwa za mwala umene unagwa zaka 220,000 zapitazo, ndipo funso limenelo silinali lawo. Sayansi inalakwa, koma inadzikonza yokha ndi chitsulo choboolera ndi diso loleza mtima, ndipo ulemu umenewo ndi wake. Chimene tikunena n'chakuti panali mafunso awiri. Ophunzira ankafunsa chimene chinakumba chigwachi. Eni dziko ankafunsa chimene chigwachi chimapatsa munthu. Yankho la funso lachiwiri linapezeka kale, linasungidwa m'mawu amodzi a Chitswana, ndipo linapirira nkhondo za Mzilikazi, mapepala a mafamu, makina a kampani ndi waya wa boma.

Pamlomo pa chigwa, pamalo amene alendo amaima kuti aone kanyanja konse, pali chikumbutso cha Eugene Shoemaker, amene anamwalira pangozi ya galimoto ku Australia m'chaka cha 1997. Chikumbutsocho n'choyenera. Koma mbiri yolembedwa, imene yasunga mayina a Wagner, Rohleder ndi Shoemaker, imawadziwa ophika mchere ndi mapale okha. Kwa zaka mazana asanu ndi limodzi iwo anatsika ndi kukwera khoma limeneli, ndipo chimene anatisiyira ndi dzina la malo.

Apa ndi pamene pali ntchito ya ife ophunzira zinenero za mu Africa. Mayina a madambo, a mapiri, a madooko ndi a zitsime m'Chichewa, m'Chitswana, m'Chiyao kapena m'Chinyakyusa ndi zolembedwa zakale kuposa mabuku onse a m'nyumba zosungiramo mbiri. Amatiuza pamene panali njovu, pamene ankasula makasu, pamene ankawoloka, pamene ankapala mchere. Nkhalamba zimene zimadziwa matanthauzo ake zikutha, ndipo mizinda ikumeza malowo monga momwe Soshanguve yafikira pampanda wa Tswaing. Katswiri wa miyala akhoza kubwera patapita zaka 100 n'kuboolanso, matope adzawapeza ali pomwepo. Dzina likaiwalika palibe chitsulo chingalifukule.

Wophunzira wa ku Pretoria amene ali ndi tsiku limodzi lopuma angachite bwino kupita kukayenda makilomita 7.2 amenewa, atanyamula madzi akumwa, pakuti a m'chigwamo samweka. Akafika pansi, agwade m'mphepete mwa kanyanja nyengo yachilimwe, akhudze dothi loyera limene dzuwa lasiya, alawe pang'ono kunsonga ya chala. Adzamva chimene anthu anatsikira kuno asanabadwe aliyense wa iwo amene mayina awo ali m'mabuku.